Kodi open wing inapita kuti?

Mu January 2022, ma sapota a Manchester United, Manchester City, Chelsea, Tottenham ndi Cardiff analoledwa kutamba bola choimirira m'mabwalo awo, patapita zaka pafupifupi 30 lamulo likuwakakamiza kukhala pa mipando. Ife kuno nkhaniyi tinaionera pa TV m'mabala a ku Kanyama ndi ku Chawama, ndipo ambiri tinangoseka. Azungu akumenyera ufulu woimirira? Ife timaimirira pa mzere wa madzi, timaimirira ku kiliniki, timaimirira pa siteshoni kudikira basi idzale. Munthu akatipatsa mpando timati zikomo.

Koma nkhaniyi ndi yathunso. Lusaka inali ndi malo ake oimirira potamba bola, ndipo pa masewero aakulu malowo anatha mwakachetechete. Ku England kunali lipoti, kunali mkangano ku Parliament, ma sapota analemba zikwangwani. Kuno tinangodzuka tsiku lina n'kupeza kuti Chipolopolo sisewerelanso pa Independence Stadium, ndipo palibe amene anabwera ku komboni kudzafunsa maganizo athu.

Bwalo la Independence lili m'mbali mwa Great North Road, ku mbali ya Matero. Linamangidwa mu 1964 kaamba ka chikondwerero cha ufulu, ndipo ndi mmenemo momwe mbendera ya Britain inatsitsidwa pakati pa usiku wolowa pa 24 October, ya Zambia n'kukwera. Kamangidwe kake kanali kosavuta kumva. Kumadzulo kunali grandstand ya denga, malo a nduna, akazembe ndi anthu a ndalama. Kwina konseko kunali open wing: masitepe a simenti okwera m'mwamba, opanda denga, opanda nambala, opanda chotsamira. Bola yathu imayamba 15 koloko, ndiye taganizani za munthu amene ali ku wing ya kum'mawa mwezi wa October. Dzuwa lili kumaso kuyambira pa kherere yoyamba mpaka yomaliza, pamene a ku grandstand ali pa mthunzi.

Ngakhale zinali tero, ku open wing ndi kumene kunali Lusaka yeniyeni. Anthu a ku Matero, George, Lilanda, Chaisa ndi Mandevu anali kubwera wapansi. A ku Kanyama ndi Chawama anali kudutsa m'tauni. A ku Kalingalinga ndi Mtendere, amene ali kutali kum'mawa, anali kunyamuka m'mawa, ena pa njinga, ena kumbuyo kwa lole. Tikumbukire kuti makomboni amenewa sanali ofanana pamaso pa boma. Matero inamangidwa ndi atsamunda m'zaka za m'ma 1950 kuti muzikhala antchito achikuda. Mtendere inayamba ufulu utabwera kale, ngati malo opimidwa oti munthu azimangire yekha. Koma George, Chawama, Kanyama ndi Kalingalinga anamera okha popanda chilolezo cha kanselo, ndipo kufikira lamulo la nyumba la 1974 limene linatsegula njira yovomereza makomboni otere, anthu ake anali kukhala ndi mantha a buludoza. Munthu amene nyumba yake sinali pa mapu a mzinda anali kulowa m'bwalo limodzi ndi Pulezidenti, kutamba masewero amodzimodzi pa ola limodzimodzi. Nyumba za boma zimene zinali kumulandira motero zinali zochepa kwambiri.

Zimenezi zinali zatsopano. Mu Northern Rhodesia azungu anali ndi bungwe lawo la bola, anthu akuda lawo, ndipo ligi ya dziko lonse yosasankha khungu inayamba mu 1962 chabe. City of Lusaka, imene lero timaitcha Ya Moto, inatenga ligi mu 1964 ili ndi Jackie Sewell, mzungu amene anasewererapo timu ya England kenako n'kudzavala yunifomu ya Zambia. Choncho amene anakwera masitepe a Independence m'zaka zoyambirira anali anthu oti dzulo lake lomwe anali kugulira nyama pa windo la butchala chifukwa pakhomo panali polowera azungu.

Ba Kaunda anali kuikonda bola, ndipo kawirikawiri anali kupezeka m'bwalo ndi kansalu kawo koyera m'manja. Ba Dennis Liwewe, amene anabadwira ku Malawi n'kudzakhala mawu a bola ya Zambia, ndiwo anatchukitsa dzina lakuti KK Eleven. Ife amene timagwira maikolofoni m'mawayilesi a m'madera timawatenga ngati kholo lathu pa ntchito, ndipo akulu athu amasimba chinthu chimene chimatisangalatsa nthawi zonse: anthu anali kupita ku open wing ndi wayilesi ya mabatire, kuika pa khutu, kuti amve ba Liwewe akufotokoza chinthu chimene iwo eni akuchiona ndi maso. Mpira uli pa phazi la Godfrey Chitalu apo, koma munthu sakhulupirira mpaka wayilesi inene. Mbadwo umenewo ndi umene unafika pa fainolo ya Africa Cup mu 1974 ku Cairo, n'kuluza kwa Zaire pa masewero obwereza.

Kodi pa masitepe aja panali chiyani chimene mpando wa pulasitiki ulibe? Choyamba ndi chakuti malo sanali a munthu mmodzi. Ukafika unali kuyangana kumene kuli anyamata a kwanu n'kupita kukaima nawo, ndipo akabwera wina mochedwa munali kufinyana pang'ono kuti alowe. Ng'oma inali kukhala pakati pa gulu, osati kumapeto kwa mzere. Nyimbo ikayamba pa ngodya imodzi inali kuyenda ngati moto wa m'tchire, chifukwa mapewa anali okhudzana. Tate anali kunyamula mwana pa khosi. Amayi a vitumbuwa, tute ndi nshawa, chimanga chowotcha ndi munkoyo anali kupeza ndalama ya lendi pa Sabata limodzi la masewero aakulu. Anthu anali kukhala pa simenti bola ikazizira, n'kunyamuka onse pamodzi winga akathamanga ndi mpira. Palibe amene anali kukuuza kuti khala pansi ukunditchinga, chifukwa naye anali ataima kale.

Tisanamizane, sikunali kumwamba. Ma pickpocket anali kudya bwino. Zimbudzi zinali zochepa, ndipo amene anaimapo m'munsi mwa masitepe akudziwa kuti si madzi onse ogwa kuchokera kumwamba amene anali mvula. Mtsikana wobwera yekha anali kuvutitsidwa, ndipo ambiri mwa alongo athu ndi amayi athu sanapondeko n'komwe chifukwa cha chimenecho. Munthu wa pa wheelchair analibe pake. Aliyense amene afuna open wing ibwerere ayenera kunena poyera kuti zimenezi sakuzifuna.

Ambiri a ife amene tili m'zaka za m'ma 30 tinali ana aang'ono mu 1993, koma chaka chimenecho tinakula nacho m'nyumba. Usiku wa pa 27 April ndege ya Buffalo ya asilikali a m'mlengalenga inagwera m'nyanja itangonyamuka ku Libreville, ku Gabon, ikupita ku Senegal. Anthu onse 30 anafa, mwa iwo osewera 18, pamodzi ndi kochi Godfrey Chitalu ndi womuthandiza Alex Chola. Maliro anachitikira mu Independence Stadium momwemo. Mabokosi anaikidwa pa kapinga pamene Efford Chabala ndi Wisdom Chansa anali kusewera, ba Chiluba analira poyera, ndipo anthu a m'makomboni anadzaza masitepe aja ndi misewu yonse yozungulira. Anaikidwa m'manda panja pa bwalo, pamalo amene lero timati Heroes Acre.

Patangopita milungu yosakwana 10, pa 4 July, timu yatsopano yosonkhanitsidwa mwachangu inakumana ndi Morocco m'bwalo lomwelo pa masewero opitira ku World Cup. Morocco inayamba kugoletsa. Kalusha Bwalya anabweza ndi free kick, Johnson Bwalya n'kumwetsa chachiwiri, 2-1. Funsani aliyense wa ku Matero amene ali ndi imvi, adzakuuzani kuti analipo. Mwina theka la iwo akunama, koma bodzalo likutiuza kanthu: tsiku limenelo bwalo linameza anthu ochuluka kuposa amene linamangidwira, chifukwa simenti yopanda nambala siikana munthu. Imangomulandira, ndi wina, ndi winanso.

Ubwino umenewo ndi womwe unali ngozi yake. Pa 16 June 1996, Zambia itagonjetsa Sudan pa Independence m'masewero ena a World Cup, anthu anapondana potuluka ndipo osachepera 9 anafa, ena ambiri n'kuvulala. Tsiku limeneli sitilikumbukira monga timakumbukirira Gabon. Palibe chipilala, palibe mwambo wa chaka ndi chaka. Amene anafa anali ma sapota wamba, anthu onga ife, opita kukatamba bola ndi kubwerera kunyumba madzulo.

Mu 2004 boma linatseka bwaloli ponena kuti lakalamba ndipo lingavulaze anthu. Linatsegulidwanso chaka chotsatira, koma mawu anali atamveka kale. Chakumapeto kwa 2007 grandstand ya kumadzulo inagwetsedwa, ndi lonjezo lakuti pamangidwa yatsopano pokonzekera All-Africa Games ya 2011. Masewerowo Zambia inawabweza, anakachitikira ku Maputo. A ku Ndola anagwedeza mitu, chifukwa anazionapo kale: Dag Hammarskjöld Stadium inagwetsedwa m'zaka za m'ma 1980 pokonzekera Africa Cup ya 1988, imene tinaibwezanso n'kupita ku Morocco, ndipo Ndola inadikira mpaka 2012 kuti ione Levy Mwanawasa Stadium. Dziko lathu lili ndi luso logwetsa mabwalo lisanapeze ndalama ya njerwa.

M'zaka zimenezo Chipolopolo inasamukira ku Copperbelt, makamaka ku Konkola Stadium ku Chililabombwe, pa malire a Congo, mtunda woposa makilomita 400 kuchokera ku Lusaka. Mnyamata wa ku George amene atate ake anali kupita ku bola ya dziko wapansi tsopano anafunika ndalama ya basi ya usiku wonse. Ambiri anasiya. Ndi nthawi yomweyo imene ma dishi a DStv anachuluka pa madenga a mabala, ndipo mbadwo wathu unaphunzira kutchula mayina a osewera a Arsenal usanadziwe a Zanaco.

Ku Konkola komweko, pa 2 June 2007, Zambia inachinya Congo Brazzaville 3-0. Masewero anayamba mochedwa, anatha kukuda, ndipo potuluka anthu 12 anafa pa kupondana. Onani bwino apa. Pa ngozi zonse ziwiri, ya 1996 ndi ya 2007, anthu sanafe bola ili mkati ataimirira pa masitepe. Anafa masewero atatha, pa njira yotulukira.

Tikayangana kwina mu Africa tipeza chithunzi chomwecho. Ku Harare mu July 2000, pa masewero a Zimbabwe ndi South Africa, apolisi anaponya utsi wokhetsa misozi m'khamu, anthu 13 anafa pothawa. Ku Ellis Park ku Johannesburg pa 11 April 2001, Kaizer Chiefs ndi Orlando Pirates, anthu 43 anafa chifukwa analowa ochuluka kuposa malo, m'bwalo la mipando. Patangopita mwezi, ku Accra, anthu oposa 120 anafa utsi utaponyedwa mageti ali otseka. Ku Lilongwe pa 6 July 2017, pa Bingu Stadium, bwalo latsopano la mipando yokhayokha, anthu 8 anafa pa geti, ambiri a iwo ana. Ku Olembe mu Yaoundé, pa Africa Cup mu January 2022, bwalo longomalizidwa kumene, anthu 8 anafa pa geti. Mpando sutsegula geti, suwerenga matikiti, ndipo sugwira dzanja la wapolisi amene wanyamula utsi.

Nanga lamulo la mipando linachokera kuti? Ma sapota a Liverpool amene adzaza mabala athu Loweruka ayenera kuidziwa nkhani ya Hillsborough. Pa 15 April 1989, ku Sheffield, Liverpool inali kusewera ndi Nottingham Forest semifainolo ya FA Cup. Panja pa bwalo anthu anadzadzana, mkulu wa apolisi analamula kuti geti lalikulu lotulukira litsegulidwe, ndipo khamu lonse linalowa m'kanjira kamodzi kolunjika ku zigawo ziwiri zoimirira zimene zinali zodzaza kale. Zigawozo zinali zotchingidwa ndi mawaya kutsogolo ndi m'mbali, ngati makola a ng'ombe. Kunalibe kothawira. Onse amene anafa chifukwa cha tsiku limenelo ndi 97. Apolisi ndi nyuzipepala zina ananamizira ma sapota kuti anali oledzera, ndipo zinatenga mpaka 2016 kuti khoti linene kuti anthuwo anaphedwa mosemphana ndi lamulo ndiponso kuti ma sapota analibe mlandu.

Jaji amene anafufuza, Lord Justice Taylor, anapeza kuti gwero lalikulu la ngoziyo linali kulephera kwa apolisi kuyendetsa khamu. Iye mwini sananene kuti kuimirira pakokha ndi koopsa. Komabe mu lipoti lake lomaliza la 1990 analangiza kuti mabwalo akhale a mipando yokhayokha, ndipo pofika 1994 ma divishoni awiri apamwamba a ku England anakakamizidwa kutero. FIFA ndi UEFA anayenda njira yomweyo pa masewero awo, CAF n'kutsatira. Mipando ili ndi phindu limodzi limene sitingalikane: imawerengeka. Ukaika mipando 10,000 ukudziwa kuti matikiti ndi 10,000. Koma inabweranso ndi mitengo yokwera, ndipo mwana wa wantchito wa pa doko ku Liverpool anapezeka akutambira bola pa TV ya m'bala, chimodzimodzi ndi ife.

Mmene anthu amafera pa khamu n'zofunika kuzimvetsa, chifukwa mawu akuti kupondana amasocheretsa. Ambiri samafa chifukwa chopondedwa ndi mapazi. Amafa ali choimirira, chifuwa chitafinyidwa kotero kuti mapapo sangakoke mpweya. Buku la malamulo a mabwalo ku Britain limaloleza anthu osapitirira 47 pa malo a masikweya mita 10 m'chigawo choimirira, kutanthauza anthu osakwana 5 pa kabwalo ka mita imodzi uku ndi uku. Mukapitirira pamenepo munthu sasankhanso kumene akupita, khamu limamunyamula ngati madzi a m'ngalande ya ku Kanyama mwezi wa February. Pa masitepe aatali opanda zitsulo zodula pakati, kulemera kwa anthu onse a kumwamba kumatsikira pa amene ali m'munsi. Nchifukwa chake chigawo choimirira chabwino chimakhala ndi zitsulo zolimba zodula khamu m'timagulu, ndi munthu pa khomo amene akuwerenga ndipo ali ndi mphamvu yonena kuti kwadzaza.

National Heroes Stadium inatsegulidwa mu 2014 pafupi penipeni ndi Independence, yomangidwa ndi kampani ya ku China ya Shanghai Construction Group pa ngongole yochokera ku China komweko. Poyamba boma linafuna kuitcha Gabon Disaster Heroes National Stadium, anthu anakana dzinalo, n'kusinthidwa. Apo tinaonetsa kuti tikalankhula amamva, koma tinalankhula za dzina chabe, osati za mkati. Ndi bwalo lokongola, la mipando yosachepera 50,000, ndipo palibe wa ife amene angaiwale 12 March 2017, pamene anyamata a Under-20 a ba Beston Chambeshi anachinya Senegal 2-0 pa fainolo ya Africa, zigoli za Patson Daka ndi Edward Chilufya.

Koma tsiku limenelo ndani anakhala pansi? Tinalipira mipando n'kuimirira patsogolo pake, ena pamwamba pake. Ndipo apa pali chinthu chimene okonda mipando sakonda kumva: kuimirira pakati pa mipando n'koopsa kuposa kuimirira pa malo omangidwira kuimirira. Msana wa mpando wa kutsogolo umafika m'miyendo, m'munsi mwa mawondo. Chigoli chikalowa, wa kumbuyo akakukankha, ulibe chogwira, umagwera pa mzere wa kutsogolo, nawonso n'kugwera otsatira. Mipando imathyoka, ndipo mawa lake pa nkhani timamva kuti ma sapota ndi owononga. Ena ndi owonongadi. Ambiri amangochita chimene thupi limachita timu yako ikagoletsa.

Mfundo imeneyi ndi imene inasintha maganizo a boma la Britain. Anaona kuti anthu akuimirira kale m'mabwalo a mipando sabata iliyonse, ndipo ma steward alephera kuwakhazika pansi. Njira imene anatenga inachokera ku Germany, kumene kuimirira sikunaletsedwe konse. Mzere uliwonse uli ndi chitsulo chofika m'chiuno, ndipo mpando ndi wopindika, womangiriridwa ku chitsulocho. Pa masewero a ligi mpando umakhomedwa m'mwamba, anthu n'kuima. Pakabwera masewero ofuna mipando amautsitsa ndi kiyi. Celtic ya ku Glasgow inaika zimenezi pa ngodya imodzi ya bwalo lake mu 2016, ndipo Fashion Sakala wathu wa ku Chipata anagoletsa m'bwalo lomwelo atavala ya Rangers mu May 2022.

Pali kusiyana kumodzi pakati pa England ndi Germany kumene kukutikhudza kwambiri ife a m'komboni. Ku England munthu mmodzi ali ndi malo amodzi a nambala ngakhale ataimirira, choncho bwalo sililowa anthu ambiri kuposa kale ndipo palibe chokakamiza kilabu kutsitsa mtengo. Anawabwezera miyendo, thumba n'kulisiya momwemo. Ku Dortmund chigawo cha kumwera, chimene amachitcha Yellow Wall, chimalowa anthu pafupifupi 25,000 oimirira. Bwalo lonse limatenga anthu oposa 81,000 pa ligi, ndipo likasandutsidwa la mipando yokhayokha limatsika kufika cha m'ma 66,000. Anthu 15,000 a kusiyanako ndiwo amapangitsa kuti tikiti yoimirira ikhale yotchipa, yoti wophunzira ndi wantchito wa m'fakitale angaikwanitse. Ngati pali chimene tingakopere, ndi cha ku Germany.

Pa masewero a Chipolopolo ndi a makilabu mu Africa, manja athu ndi omangika. CAF imafuna mipando ya munthu mmodzimmodzi, ndipo siseka. Mu 2021 Malawi inasewera masewero ake a pakhomo a World Cup ku Orlando Stadium ku Johannesburg chifukwa mabwalo ake sanavomerezedwe. Zimbabwe yakhala zaka ikulandirira alendo ake ku Rwanda, Uganda ndi South Africa, ndipo nkhani ya mipando ya National Sports Stadium inasanduka nthabwala m'dziko lawo. Palibe munthu wanzeru amene anganene kuti tizule mipando ya Heroes kuti tikasewerere ku dziko la eni.

Koma ligi ndi yathu. Ku Nkoloma kwa Red Arrows, ku Sunset kwa Zanaco, ku Edwin Imboela kwa Nkwazi, mawu akuti open wing akali pa tikiti, ndipo m'mabwalo ang'onoang'ono monga Matero Stadium anthu akali kutsamira waya ndi kuima pa chilichonse chokwera. Choncho ife sitili ngati a ku England amene anataya zonse n'kuyamba kupempha kuti zibwerere. Zathu zikalipo, koma zikutha pang'onopang'ono, ndipo nthawi iliyonse bwalo likakonzedwa, chimene amatcha chitukuko ndi kukhoma mipando ya pulasitiki pa simenti n'kukweza mtengo wa pa geti. Mageti amakhala omwe aja, ochepa, otsegukira mkati, ena okhomedwa ndi loko kuopa olowa ulere. Ndalama imene ikanagula zitsulo zodula khamu ndi kukulitsa njira zotulukira imathera pa chinthu chooneka bwino pa chithunzi.

Wina adzati, mukuvutikiranji, mabwalo a Lusaka sadzaza n'komwe. Zoona. Ku Kitwe, Nkana ikakumana ndi Power Dynamos tauni yonse imaima. Kuno matimu ambiri akuluakulu ndi a asilikali, apolisi, banki ndi mabungwe a boma, ndipo mwana wa ku Chawama sabadwa ndi chifukwa chowakondera. Koma funso lake lingatembenuzidwe. Bwalo lopanda anthu silidzazidwa ndi mipando yambiri. Limadzazidwa ndi gulu la anyamata ndi atsikana 200 okhala ndi ngodya yawoyawo, ng'oma zawo, tikiti ya mtengo wa basi ya ku tauni, amene amabwera sabata ndi sabata mpaka wodutsa panjira amve phokoso n'kufuna kulowa. Pitani Lamlungu pa giraundi ya fumbi ya ku Kalingalinga kapena Mtendere pa fainolo ya matimu a m'komboni. Anthu amazungulira bwalo lonse mizere itatu, ataimirira maola awiri pa dzuwa, opanda denga, opanda mpando, ena atakwera pa mipanda ya nyumba za eni. Chilakolako cha bola yoonera ndi maso sichinafe. Chili m'magiraundi omwewo amene chaka ndi chaka amachepa chifukwa wina wadulapo ma plot.

Chimene tingapemphe kwa FAZ, kwa makilabu ndi ku unduna wa zamasewero si chachikulu. Bwalo la ligi likamakonzedwa, mbali imodzi isiyidwe yoimirira mwadala, yolembedwa m'mapulani, osati yotsala chifukwa ndalama ya mipando inatha. Ikhale ndi zitsulo, ikhale ndi chiwerengero chodziwika cholembedwa pa khomo, ndipo chiwerengerocho chikakwana khomo litsekedwe ngakhale abwere mwana wa nduna. Tikiti yake ikhale yotsika kuposa ina iliyonse. Mageti otulukira atsegukire kunja, akhale ndi munthu nthawi yonse ya masewero, ndipo utsi wokhetsa misozi usalowe m'bwalo. FIFA yomwe imaletsa utsiwo m'malamulo ake a chitetezo. Pakhale zimbudzi za akazi zogwira ntchito ndi ma steward achikazi, chifukwa amene adzaza mabwalo kutamba Barbra Banda ndi Copper Queens masiku ano si amuna okha, ndipo open wing imene ingabwerere ndi chizolowezi chakale chogwiragwira atsikana kuli bwino isabwerere.

Ndipo pali Independence yeniyeniyo. Masitepe ake akalipo, pa mthunzi wa Heroes, mbali imodzi ili pululu pamene panali grandstand. Simenti ya 1964 singakhulupiriridwe ndi maso chabe, ifunika ma injiniya aipime ndi kunena poyera ngati ingathe kunyamulanso khamu kapena ayi. Ikapezeka yolimba, Lusaka ili kale ndi bwalo loimirira lalikulu kuposa lililonse limene kilabu ingamange, pamalo oti anthu a ku Matero, George, Chaisa ndi Mandevu angafike wapansi. Ikapezeka yowola, atiuze, ndipo atiuzenso chimene chidzamangidwe pamenepo buludoza isanafike, osati itapita monga zinachitikira mu 2007. Kumapeto kwa April chaka chilichonse akuluakulu a boma ndi a FAZ amabwera ku Heroes Acre kudzaika nkhata za maluwa pa manda 30 aja. Kuchokera pamandapo kukafika pa geti la Independence ndi mtunda woyenda mphindi zochepa chabe, ndipo chaka chamawa ife a mawayilesi a m'madera tidzakhala pamenepo ndi maikolofoni kuwapempha kuti alowe nafe akaone masitepewo.